Hauyani: kuphunzira kuliza gitala ndi botolo, ndi kusankha kompyuta yodzimverera

Malume anga ankaimba gitala ataigoneka chagada pamiyendo. Ankakhala pakhonde ku Chinamwali dzuwa litapendeka, dzanja lamanja likukodola nsambo, lamanzere litagwira kabotolo ka mankhwala kopanda kanthu n'kumakatsetsereza pamwamba pa nsambozo. Gitalayo inkalira ngati munthu. Inkafunsa, n'kudandaula, kenako n'kudziyankha yokha. Iwo ankati kaimbidwe kameneka ndi hauyani. Ndinazindikira nditakula kuti mawuwa akuchokera ku dzina la zilumba za Hawaii, kumene mnyamata wina, Joseph Kekuku, anayamba kuyendetsa chitsulo pa nsambo za gitala chakumapeto kwa zaka za m'ma 1880. Oimba blues a ku Mississippi nawo anali ndi njira yawo, yovala khosi la botolo kuchala. Kuno kwathu akuluakulu amakumbukira hauyani wa Ndiche Mwarare, ndipo amene anaonapo Gasper Nali wa ku Nkhata Bay akuimba babatoni wake wa nsambo imodzi anaona botolo likugwira ntchito yomweyi. Musaone ngati mukuphunzira za eni.

Botolo ndi kompyuta zikuoneka ngati nkhani ziwiri, koma chozilumikiza ndi khutu. Mukamaimba gitala mwa masiku onse, mafureti, tizitsulo tija topingasa pakhosi pa gitala, amakupulumutsani: chala chikangodinikiza pakati pa tizitsulo tiwiri, liwu limatuluka lolondola. Mukavala botolo, mpulumutsi uja wachoka. Kusuntha pang'ono chabe, ngati kutalika kwa njere ya mpunga, liwu laphonya kale, ndipo woimbayo ndiye amakhala womaliza kumva chifukwa mtima wake wonse uli pa dzanja. Chimene chimamuwongola ndi kudzijambula n'kudzimvera. Ntchito ya kompyuta ndi imeneyo, ndipo ntchitoyo ndi imene ikuuzeni yoti mugule, osati wogulitsa. Komabe yambani ndi botolo. Mwezi woyamba foni yanu ikwanira kujambulira.

Pezani chotsetsereza

Oimba ambiri amangochitchula kuti silaidi. Ya galasi imatulutsa liwu lofewa, ya chitsulo imatulutsa lakuthwa ndiponso lokhalitsa. Chachikulu ndi kulemera kwake: silaidi yopepuka imanjenjemera pa nsambo ndipo liwu limafa msanga. N'chifukwa chake kapaipi kopyapyala sindikalimbikitsa, ngakhale kamapezeka mosavuta kwa ogulitsa zitsulo mumsika. Ngati muli ndi mnzanu makaniko, mupempheni soketi yaitali yomasulira manati, ya saizi 17 mpaka 19, malinga ndi kukula kwa chala chanu. Ndi yolemera, ndi yosalala, ndipo siphwanyika. Kabotolo ka mankhwala kowongoka nakonso musakapeputse. Duane Allman, mmodzi wa akatswiri a silaidi ku America, ankaimbira kabotolo ka mankhwala a chimfine.

Mukafuna kudula nokha khosi la botolo, sankhani botolo la khosi lalitali ndi lowongoka, monga la vinyo. Mabotolo a zoziziritsa kukhosi makosi ake ndi aafupi ndi opindika, sagona bwino pa nsambo zonse. Bwerekani chodulira magalasi kwa opanga mawindo, mulembe mzere umodzi wozungulira khosilo, masentimita 6 kapena 7 kuchokera kukamwa kwa botolo. Mzere umodzi basi, osabwereza. Kenako thirani madzi otentha pamzerepo, mutsatize ozizira, mobwerezabwereza mpaka khosi lidziduke lokha. Manja akhale m'magolovesi, maso atetezedwe, ndipo ana akhale kutali. Podukapo pamakhala pakuthwa ngati lumo. Pakhuleni ndi sandipepala wonyowa, kunja ndi m'kati momwe, ndipo musalole kuti paume chifukwa fumbi la galasi si lopuma. Yesani kusalala kwake ndi kansalu, osati ndi chala: nsalu ikakodwa, pitirizani kukhula. Botolo lililonse lili ndi kamzere ka m'mbali kochokera kopangira kwake. Kamzereko kaziyang'ana kumbali, kasamakhudze nsambo.

Tsopano sankhani chala. Mukaivala pa kachala kotsiriza, zala zitatu zimatsala zogwirira makodi, mawu angapo olira pamodzi mogwirizana. Mukaivala pa chala cha mphete, dzanja limakhazikika bwino. Ine ndimavala pa kachala kotsiriza, koma sindingatsutse wosankha chinacho. Ikakhala yokhwepa, ikani kansalu m'kati mpaka isagwe mukaloza pansi. Amene akufuna njira ya malume, yogoneka gitala pamiyendo, savala: amagwira botolo m'manja kuchokera pamwamba.

Konzani gitala

Gitala ija aliyense anaitaya mtima chifukwa nsambo zake zinakwera kwambiri ndipo zimapweteka zala, ndiyo yabwino pa hauyani. Silaidi imafuna nsambo zotalikira ku mafureti kuti isamagundane ndi tizitsulo. Ngati zanu zili pansi, masulani nsambo zonse, mutulutse kachidutswa koyera kaja kamene nsambo zimatsamirapo kumimba kwa gitala, mudule kamzere kopyapyala ka khadi la pulasitiki lotha ntchito, mukaike pansi pake, n'kubwezera. Mpata wa mamilimita atatu pa fureti ya 12 ndi poyambira pabwino: silaidi imayenda momasuka, ndipo zala zimathabe kudinikiza. Nsambo zikhale zachitsulo, zonenepa, za paketi yolembedwa 12 kapena 13. Za nayiloni zimalira mofooka pansi pa galasi, ndipo zopyapyala zimangotitimira mukazikhudza.

Zomba ndi wachinyontho. Kuyambira Novembala mpaka Epulo mvula sipereka mpata, ndipo mu Juni ndi Julayi chiperoni chimabwera ndi nkhungu yake. Nsambo zimachita dzimbiri msanga, ndipo nsambo ya dzimbiri imakwecha pansi pa silaidi ngati mchenga m'poto. Mukamaliza kuimba, pukutani nsambo iliyonse ndi nsalu youma, pamwamba ndi pansi pake. Gitala isatsamire khoma lozizira usiku wonse, ilowe m'chikwama chake.

Chunani mwatsopano

Silaidi ndi chinthu chowongoka, sichingapinde ngati zala kuti chigwire kodi. Choncho timachuna gitala kuti nsambo zonse zikalizidwa osagwira paliponse zitulutse kodi yathunthu. Yambani ndi machunidwe a D. Kuchokera ku nsambo yonenepa ya nambala 6 kutsika mpaka yopyapyala ya nambala 1, zikhale D, A, D, F#, A, D. Amene anakulira m'kwaya aziwerenge motere: do, so, do, mi, so, do.

Kuchokera pa machunidwe a masiku onse, nsambo ya 5 ndi ya 4 musazikhudze. Ya 6 itsitseni mpaka igwirizane ndi ya 4, ngati bambo ndi mwana akuimba liwu limodzi wina pansi wina pamwamba. Ya 1 itsitseninso mpaka igwirizane ndi ya 4 yomweyo. Ya 2 itsike mpaka igwirizane ndi ya 5. Ya 3 itsike pang'ono chabe, ifanane ndi liwu la nsambo ya 4 mutadinikiza pa fureti ya 4. Onani kuti paliponse tikutsitsa, palibe pamene tikukweza, kotero palibe nsambo imene iduke. Pali machunidwe ena a E amene amalira chimodzimodzi koma amafuna kukweza nsambo zitatu. Pa gitala yakale ya nsambo zonenepa, asiyeni. Pulogalamu yochunira ya pafoni ikuthandizani, koma yambani mwayesa ndi khutu, foni ingotsimikizira.

Mukadzazolowera, mudzayese machunidwe a G: D, G, D, G, B, D. Pamenepo mumangotsitsa nsambo ya 6, ya 5 ndi ya 1.

Manja

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo musathamangire.

Silaidi imaima pamwamba penipeni pa kachitsulo ka fureti, osati kumbuyo kwake kumene zala zimadinikiza. Aliyense wongoyamba kumene amaiika kumbuyo chifukwa dzanja linazolowera, ndipo liwu limatuluka lotsika pang'ono, lokhumudwitsa, ngati woimba m'kwaya amene watopa. Dziyeseni motere. Khudzani nsambo ya 1 ndi nsonga ya chala pamwamba pa fureti ya 12, osadinikiza, muilize n'kuchotsa chala msanga. Mumva kaliwu koyera ngati ka belu. Fureti ya 12 ili pakati penipeni pa nsambo, ndipo liwulo ndi do wapamwamba wolondola. Tsopano ikani silaidi pamalo omwewo mulizenso. Mawu awiriwo afanane. Akasiyana, sunthani silaidi pang'onopang'ono mpaka akumane. Chitani zimenezi tsiku lililonse musanaimbe kanthu kena.

Musadinikize. Silaidi ingokhudza nsambo mokwanira kuti liwu lisanjenjemere, isafike pa thabwa. Mukamva kugogoda kwa galasi pa tizitsulo, mwapanikiza kwambiri. Mukamva kulira ngati njuchi, mwapeputsa kwambiri. Pakati pa ziwirizi pali malo ake, ndipo dzanja limawapeza lokha pakapita masiku. Ikhalenso yowongoka molingana ndi fureti. Ikapendekeka, nsambo ina ikwera ina itsika, kodi n'kuwawasa.

Chinthu chimene chimasiyanitsa woimba ndi wosokosa ndi kutontholetsa nsambo. Silaidi ikakhudza nsambo imaigawa pawiri, ndipo mbali zonse ziwiri zimalira, yakutsogolo ndi yakumbuyo. Yakumbuyoyo sitiifuna. Gonekani chala chamkombaphala mopepuka pa nsambo kumbuyo kwa silaidi, chiziyenda nayo limodzi kulikonse ikupita. Ingoyesani kamodzi ndi chalacho, kamodzi popanda, mumva nokha kusiyana kwake. Dzanja lamanja nalo lili ndi ntchito yomweyo. Siyani kaye chokhwatchira cha pulasitiki, muziimba ndi zala. Chala chachikulu chigone pa nsambo zonenepa, chamkombaphala chisamale nsambo ya 3, chapakati ya 2, cha mphete ya 1. Chala chilichonse chikhale chitatsamira nsambo yake, chidzuke pokhapokha nsamboyo ikafunika kulira, n'kubwereranso. Poyamba zimamveka ngati mwamangidwa manja. Pirirani, chifukwa liwu limodzi loyera limachokera pamenepa.

Tsopano yendani pa nsambo ya 1 yokha. Yosagwira ndi do. Fureti ya 2 ndi re, ya 4 ndi mi, ya 5 ndi fa, ya 7 ndi so, ya 9 ndi la, ya 11 ndi ti, ya 12 ndi do. Kwerani ndi kutsika mukuimba mawuwo ndi pakamwa, chifukwa pakamwa pakadziwa pofikira, dzanja limatsatira. Liwu lililonse lifikeni kuchokera pansi: yambani fureti imodzi kapena ziwiri kumbuyo, mulize, mutsetsereke mpaka pamalo ake, muime. Kuima ndiko kovuta. Kupitirira pang'ono kumapweteka khutu kuposa kuperewera pang'ono.

Mukafika pa liwu lalitali, ligwedezeni. Silaidi iziyenda uku ndi uku pang'ono, kuchokera pa fureti kubwerera m'mbuyo n'kubweranso, dzanja lili lomasuka, chala chachikulu chitatsamira kuseri kwa khosi la gitala. Yambani mochedwa ngati nthambi ya mkungudza pa mphepo ya ku Chawe. Kugwedeza mothamanga kumamveka ngati mantha. Ndipo musagwiritse ntchito kugwedezaku pobisa liwu lophonya: fikani kaye pamalo olondola, kenako mugwedeze.

Makodi savuta. Nsambo zonse zosagwira ndi kodi ya do. Silaidi itagona pa nsambo zonse pa fureti ya 5 ndi kodi ya fa, pa 7 ndi ya so, pa 12 ndi do kachiwiri. Nyimbo zambiri za kutchalitchi, za paukwati ndi za pamaliro zimayenda pa makodi atatu amenewa. Tengani imodzi imene mumaidziwa kuyambira ubwana, yochedwa, muifunefune pa nsambo ya 1 ndi ya 2, chala chachikulu chikugunda nsambo ya 6 ndi ya 4 mosinthanitsa ngati mtondo ndi munsi.

Pali masewera amene malume ankandichititsa, ndipo sindinapeze ena owaposa. Chichewa chathu chimakwera ndi kutsika. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika timazisiyanitsa ndi kamvekedwe kokha. Ankati, "Mphwanga, iuze gitalayo inene kuti muli bwanji." Ndinkanena mawuwo pang'onopang'ono, n'kumvera pamene liwu langa lakwera ndi pamene latsika, kenako n'kuwafuna ndi botolo pa nsambo imodzi. Yesani ndi moni, ndi dzina la mwana wanu, ndi mmene amayi ogulitsa masamba amaitanira makasitomala. Mafureti sangathe zimenezi chifukwa mawu a munthu amadutsa pakati pa mafureti. Botolo limatha.

Mphindi 20 tsiku lililonse zimaposa maola atatu a Loweruka lokha. Kumapeto kwa mphindizo ikani foni patebulo, mujambule mphindi imodzi, mumvere gitala ili pansi.

Kompyuta: laputopu kapena ya patebulo

Idzafika nthawi imene foni idzakuchepera. Mudzafuna kuchedwetsa nyimbo kuti mumve mmene katswiri akufikira liwu, kubwereza kachigawo kamodzi kakhumi, kujambula makodi kenako n'kuimba silaidi pamwamba pake. Zonsezi si ntchito yolemera kwa kompyuta. Mphindi imodzi ya mawu ojambulidwa bwino, a mbali ziwiri, imatenga pafupifupi 10 MB, kutanthauza kuti ola lathunthu ndi pafupifupi 600 MB. Musalole munthu akuuzeni kuti nyimbo zimafuna kompyuta ya masewera yokhala ndi khadi lamphamvu la zithunzi. Imeneyo imadya batire, imatentha, ndipo fani yake imasokosa mpaka kulowa mu maikolofoni.

Kwa munthu wa ku Matawale, ku Sadzi kapena ku Chikanda, ine ndimati laputopu. Magetsi akathima muli pakati pa kujambula, batire imakugwirirani ntchito ndipo simutaya kanthu. Tchaja ya laputopu wamba imakoka mawati 45 mpaka 65, kotero sola yapakhomo yokhala ndi inveta imaikwanitsa. Kompyuta ya patebulo ubwino wake ndi wakuti imakonzeka ndi kuwonjezereka mosavuta, koma imafuna UPS, kabokosi ka batire kogwirizira magetsi akathima, pambali, apo ayi tsiku lina idzazima mukusunga fayilo.

Zoyang'ana zikuluzikulu ndi zitatu. Yoyamba ndi purosesa, ubongo wa kompyuta, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amapusitsidwa. Dzina lakuti i5 kapena i7 palokha silikuuzani zambiri. Onani nambala yotsatira. Pa i5-8250U, nambala 8 yoyambirirayo ikutanthauza m'badwo wachisanu ndi chitatu. Pa i7-3520M, ndi m'badwo wachitatu, wakale kwambiri ngakhale ili i7. Pa i5-1135G7, manambala awiri oyamba ndi 11. Izi n'zofunika chifukwa Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, kapena, pa malaputopu, AMD Ryzen ya m'gulu la 3000 kupita m'tsogolo, komanso kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0. Choncho i5 ya m'badwo wa 8 ndi poyambira. Ngati muli kale ndi kompyuta yakale kunyumba, musaitaye: ikani Linux Mint m'malo mwa Windows, imene ndi yaulere, ndipo pulogalamu yojambulira iyenda bwinobwino.

Yachiwiri ndi RAM, malo amene kompyuta imaikapo zimene ikugwira pa nthawiyo. 8 GB ikukwanirani kuphunzira ndi kujambula. 16 GB imakupatsani mpata ngati kompyutayo izigwiranso ntchito za sukulu kapena za ofesi. Funsani ngati RAM yake imatheka kuwonjezera, chifukwa m'malaputopu ena opyapyala inawotcheredwa pabolodi. Ya 4 GB yosawonjezereka isiyeni.

Yachitatu ndi chosungira. Chikhale SSD, osati hadi disiki yakale ija yokhala ndi mbale yozungulira m'kati. SSD ndi yachangu, ilibe phokoso, ndipo siwonongeka msanga laputopu ikagwedezeka m'chikwama pa kabaza. Wogulitsa akakuonetsani hadi disiki ya 1 TB ndi SSD ya 256 GB pamtengo wofanana, tengani ya 256.

Malaputopu ogwiritsidwapo kale ntchito a m'maofesi, monga Lenovo ThinkPad, Dell Latitude ndi HP EliteBook, nthawi zambiri amakhala olimba kuposa atsopano otchipa, ndipo mabatire ndi matchaja ake sasowa.

Iyeseni musanapereke ndalama

Laputopu yanga yoyamba ndinagula chifukwa cha kasitika kolembedwa i7. Wogulitsayo anaiyatsa ili pa tchaja, inawala bwino, ndinalipira. Nditafika kunyumba magetsi kunalibe, ndipo batire inatha ndisanamalize kujambula nyimbo imodzi. Ndinali nditasunga ndalamazo miyezi yambiri, ndipo zinandiwawa. Kaya mukugula m'tauni muno, kaya mwakwera minibasi kupita ku Limbe kapena ku Blantyre, khalani pansi ndi kompyutayo kwa theka la ola. Nenani mwaulemu kuti, "Achimwene, tachotsani kaye tchajayo, ndiione ikuyenda payokha." Wogulitsa wachilungamo sakana.

Dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kuti mutsegule Task Manager, mupite pa Performance. Pamenepo kompyuta imanena yokha dzina lonse la purosesa, kukula kwa RAM, ndiponso ngati chosungira ndi SSD kapena HDD. Khulupirirani zimenezo, osati sitika. Kenako tsegulani Command Prompt mulembe powercfg /batteryreport. Ikupatsani fayilo yoonetsa manambala awiri: Design capacity, mphamvu imene batire inali nayo ili yatsopano, ndi Full charge capacity, imene ili nayo lero. Yachiwiri ikakhala yosafika theka la yoyamba, batireyo yatha, ndipo mtengo wa ina uchotsedwe pa mtengo wa laputopu.

Pitani ndi fulashi yanu ndi mahedifoni anu. Lowetsani fulashi m'doko lililonse la USB, muigwedeze pang'ono muone ngati ikuduka. Doko lokhwepa lidzakudulirani kujambula pakati. Mverani nyimbo pa mahedifoni, makutu onse awiri. Lembani chilembo chilichonse cha pa kiyibodi. Tsegulani tsamba loyera muone ngati sikirini ilibe mabanga kapena mizere. Ikani khutu pafupi mumve fani: ikamalira ngati chigayo kompyuta isakuchita kanthu, idzamveka m'nyimbo zanu zonse. Zimitsani, muyatsenso, mupemphe kulowa mu BIOS, tsamba la makonzedwe limene limatsegulidwa Windows isanayake, kuti mutsimikize kuti mulibe pasiwedi ya mwini wake wakale. Pomaliza, risiti ikhale ndi nambala ya kompyutayo ndi masiku amene mungaibweze.

Zolumikiza gitala ndi kompyuta

Maikolofoni ya m'kati mwa laputopu inapangidwira kulankhula, imameza mawu aatali a silaidi. Ngati gitala yanu ndi yopanda magetsi, njira yachidule ndi maikolofoni ya USB. Ngati ili ndi pikapu, kachipangizo kotola mawu a nsambo n'kuwatumiza pa waya, kapena mukufuna kudzajambulanso mawu ndi zida zina, gulani kabokosi kotchedwa audio interface, monga Behringer UMC22 kapena Focusrite Scarlett Solo. Kamalandira gitala kapena maikolofoni mbali ina, n'kulowa mu kompyuta pa USB. Maikolofoni ya mtundu wa condenser imafuna batani la 48V liyatsidwe pa kabokosiko. Ndikanakhala ndi ndalama zochepa, ndikanagula laputopu yapakatikati ndi kabokosi aka, kusiyana n'kuthera zonse pa laputopu yodula.

Mahedifoni akhale a waya, otseka makutu. A Bluetooth amachedwetsa mawu, ndipo woimba silaidi akamva liwu lake mochedwa amaphonya pofikira. Kuchedwa komweku kumachitikanso m'kompyuta. Kabokosi kanu kakakhala ndi batani la Direct Monitor, liyatseni kuti muzimva gitala isanadutse m'kompyuta. Mu pulogalamu imene imalola kusintha buffer, nambala imene imachepetsa kapena kuchulukitsa kuchedwaku, dziwani kuti 128 pa 44,100 Hz ndi pafupifupi mamilisekondi 3, amene khutu silimva, pamene 1,024 ndi oposa 20, amene amasokoneza dzanja.

Magetsi athu ndi a mavoti 230, ndipo matchaja ambiri amalandira 100 mpaka 240, koma werengani pa tchaja yanu. Gulani ekisitenshoni yokhala ndi chotetezera magetsi akabwera mwamphamvu. Magetsi akangoyaka atathima, dikirani mphindi zingapo musanalumikize. Mabingu akayamba kugunda kuphiri, zulani pulagi kukhoma, kuzimitsa kokha sikuteteza ku mphenzi. Ndipo mukamva kulira kwa "mmmm" m'zojambula zanu, chotsani tchaja mujambule pa batire. Kawirikawiri phokosolo limathera pomwepo.

Kujambula koyamba

Ikani mapulogalamu awiri aulere. VLC imachedwetsa nyimbo popanda kutsitsa liwu, ndipo ili ndi batani lobwereza kachigawo kuchokera pa A kufika pa B. Audacity ndiyo yojambulira, ndipo mu Effect muli Change Tempo yochitanso zomwezo. Mavidiyo ophunzitsa a pa YouTube nawo amachedwetseka kufika pa 0.75 kapena 0.5.

Sankhani chipinda chokhala ndi bedi, makatani ndi zovala, chifukwa makoma opanda kanthu amabweza mawu. Nyumba ya malata mvula ikugwa sijambulika, dikirani ikate. M'mamawa atambala atatopa, kapena usiku wailesi za aneba zitazima, ndi nthawi yabwino. Maikolofoni ikhale masentimita 20 mpaka 30 kuchokera pamene khosi la gitala likumana ndi thupi lake, isaloze pabowo chifukwa pamenepo mawu amagunda ngati ng'oma. Imbani mwamphamvu muone mita ya Audacity: ifike cha pa -12 kapena -6, isakhudze 0.

Jambulani makodi okha poyamba, do kanayi, fa kawiri, so kawiri, mobwereza kwa mphindi ziwiri, phazi likugunda pansi. Valani mahedifoni, tsegulani mzere wachiwiri wojambulira mu Audacity, muimbe silaidi pamwamba pake. Mukatha, ikani gitala m'chikwama, mumwe madzi, kenako mumvere katatu. Ulendo woyamba mverani ngati mawu aatali akufika pamalo ake, makamaka pa fureti ya 7 ndi ya 12. Wachiwiri mverani nsambo zimene zikulira musanazitume. Wachitatu mverani ngati mukupuma pakati pa mawu monga amachitira woimba ndi pakamwa. Lembani papepala chinthu chimodzi chokha choti mukonze mawa. Fayiloyo ipatseni dzina la tsiku limenelo, muikoperenso pa fulashi, ndipo musaifufute ngakhale isakukondweretseni, chifukwa pakatha mwezi mudzaimba makodi omwewo n'kuziika ziwirizo pamodzi.